Amalume Gelevazio ndi Nachesi wa Kukhwawa

Loweruka lapitali chinakwana chaka chichokereni amalume anga, a Gelevazio. Tinapita ku Misa, tinakalambula pamanda, kenaka tinakhala pabwalo anthu n'kuyamba kuwatamanda. Wina anati anali munthu wofatsa. Wina anati chibadwire chawo sanakanganepo ndi munthu. Ine ndinangoweramitsa mutu, chifukwa ndikanadzutsa nkhope ndikanaseka pamalo posayenera. Amalume sanali ofatsa. Anali a pakamwa powawa, osadziwa kupepesa, okonda mitengo kuposa eni ake a mitengoyo. Ndinkawakonda, ndipo ndikuwasowa koopsa. N'chifukwa chake ndikufuna ndilembe za munthu amene ndinkamudziwa, osati uja amawumbidwa ndi olankhula pamaliro.

Ine ndine Felesiya, mwana wa mlongo wawo. Tinabadwa awiri, ine ndi mlongo wanga wamng'ono Damiyano, ndipo mbiri ya amalume singayende popanda Damiyanoyo.

Anali munthu wamfupi, wouma ngati nkhuni, wovala jekete imodzimodzi chilimwe ndi dzinja. Poyenda sankayang'ana nkhope za anthu, ankayang'ana patsinde pa mitengo. Mukakumana nawo panjira n'kuwapatsa moni, yankho linkabwera mochedwa, ndipo nthawi zambiri silinali la moniwo: ankakuuzani kuti nachesi wanu wa kuseri kwa khola wagwidwa ndi nsabwe, kapena kuti mwaunjika dothi patsinde ndipo mtengowo uwola. M'munda mwa munthu ankalowa ngati mwawo. Kwathu kuno, ngakhale munda ulibe chitseko, ukafika m'malire umaima n'kunena odi, mwini wake akuyankhe. Pakhomo amalume ankaodira ngati wina aliyense, koma m'munda ayi. Ankati mwambo umenewo ndi wa anthu obwera kudzapempha, pamene iwo ankabwera kudzaona odwala, ndipo dokotala saodira pabedi.

Mudzi wathu uli pamsana pa phiri, ulendo wapansi wa maola awiri kuchokera ku Magaleta. Amalume ankakonda kuima pamwala waukulu wa kuseri kwa tchalitchi n'kumaloza ndi ndodo. Kumtunda uko, chakumalire a Mozambiki, n'kozizira, ndipo anthu amalima mbatatesi ndi tirigu. Kumunsi, cha ku Chifunga ndi Midzemba, n'kotentha, dziko la malambe, thonje ndi mbuzi. Ife tinatsakamira pakati. Tirigu amati kwathu n'kotentha, thonje limati n'kozizira. Chimanga chimabereka, koma sichifika Febuluwale, poti minda yathu ndi yotsetsereka ndipo mvula imakokolola nthaka chaka ndi chaka kukapatsa eni zigwa. Iwo ankati pamene Mulungu ankagawa mbewu ife tinafika mochedwa, ndiye anatipatsa zotsala ziwiri, nandolo ndi mitengo ya zipatso, ndipo amene sanamvetse zimenezi adzafa akudandaula za feteleza.

Mbiri ya mudzi ankaidziwa, koma sankaikamba ngati nthano. Ankaitulutsa zidutswazidutswa, makamaka akamakalipa. Malo aliwonse anali ndi dzina, ndipo ukangoti "kumunda kuja" ankakudzudzula. Kuli Pamsuku, pamene makolo anayamba kumanga atathawa nkhondo kuchigwa. Kuli Chigwa cha Anyani, kumene lero kulibe nyani ndi mmodzi yemwe chifukwa mitengo inatha ndi makala. Kuli Pothyokangolo, pamene msewu umakhota moipa, ndipo dzinalo likudzifotokoza lokha. Ndiye kuli Kukhwawa, kamtsinje kodutsa kumunsi kwa mudzi, kumene kunali dimba lawo. Ankati amuna a mudzi uno achoka katatu: poyamba kumigodi ya ku Joni, kenaka kumaesiteti a fodya, tsopano ku Blantyre ndi ku Joni komweko. Ulendo uliwonse otsala anali amayi ndi mitengo.

Ndi owotcha makala anakangana mpaka kutopa nawo. Ankawalondola kuphiri n'kuwauza kuti akumeta phiri mpala, ndipo tsiku lina lidzatitsikira m'nyumba. Iwo ankayankha kuti ana sadya mthunzi, ndipo amalume ankangobwerera akung'ung'udza. Anakangananso ndi mlangizi wina wa zaulimi wachinyamata amene boma linamutumiza kuno kuchokera kumpoto. Mkangano wawo unatha mwezi, pa nkhani ya kutalikana kwa maenje, koma pamene mnyamatayo ankasamutsidwa anadzatsanzika ndi misozi, ndipo amalume anamunyamulira dengu la zipatso mpaka pamsewu. Ndi mmene analili. Ana a sukulu ankawathamangitsa akagenda mtengo, koma mwana wopempha bwino ankachoka malaya atadzaza.

Za mitengo anaziphunzira ali mnyamata, akugwira ntchito m'munda wa kumishoni. Kunali wansembe wokalamba wochokera ku Falansa, amene anthu ankangomutchula kuti Bambo Ndevu. Amalume ankati Chichewa cha wansembeyo chinali chotsimphina, koma manja ake ankalankhula bwino. Nayenso anali mwana wa alimi. Ankawauza za kamudzi ka kwawo, kochepa kuposa wathu, ka pamtunda ngati wathu, komwe munda uliwonse unali ndi dzina. Anthu ake ankalima tirigu, kuweta ng'ombe zochepa ndi kusamala mitengo imene anabzala agogo awo. Kenaka achinyamata anayamba kupita m'matauni, sukulu inatsekedwa, nyumba zinatsala ndi maloko. Kalata ikabwera, nkhani inali yoti uje wamwalira, munda wakuti wamera tchire. Amalume ankati anaona mzungu akulira kamodzi kokha m'moyo wawo, ndipo chomuliza chinali kalata yonena kuti mtengo wa maapozi wa pakhomo pa bambo ake audula. Pamene amalume ankasiya ntchitoyo, wansembe anawapatsa mpeni waung'ono wopinda ndi timitengo titatu ta nachesi, atatikulunga m'nsalu yonyowa. Mtengo woyamba umene amalume anamezanitsa Kukhwawa tonse tinkautchula kuti Make, poti manachesi onse akale a m'mudzi muno anachokera mwa iwo.

Kwa amene sadziwa, nachesi wabwino sabzalidwa ndi njere. Umayamba wafesa mandimu, poti mizu ya mandimu ndi yolimba, siopa chilala. Kamtengo kakafika kukula ngati chala, umang'amba khungwa pang'ono, kulowetsamo diso la nachesi, n'kumanga. Diso likagwira umadula mutu wa mandimu uja, ndipo chophuka pamenepo ndi nachesi. Polumikizirapo pamatsala chipsera. Lamulo la amalume linali limodzi: chilichonse chophuka pansi pa chipsera ndi mbala, chichotsedwe tsiku lomwelo. Vuto ndi lakuti mbalayo imaoneka bwino. Mphukira ya mandimu imakula msanga, yonenepa, ya masamba obiriwira, pamene nachesi weniweniyo amakhala kanthambi konyozeka. Wosadziwa amasunga yonenepayo.

Apa ndi pamene panayambira nkhani yawo ndi Damiyano, zaka makumi awiri zapitazo. Damiyano anali atangobwerako ku Blantyre, kumene ntchito inamuthera, ndipo ankafuna kuonetsa mudzi kuti si wolephera. Anakagula mbande makumi awiri zomezanitsa kale, za mtundu watsopano wa manachesi akuluakulu, n'kuzibzala Pamsuku, m'munda wa malemu amayi. Kwa amalume sanakafunse kanthu. Chilimwe mbuzi zinalowa n'kubudula nsonga. Mvula itagwa, patsinde ponse panaphuka mphukira zamphamvu, ndipo Damiyano ankaitana anthu kuti adzaone mmene mitengo yake yachirira.

M'mawa wina anapeza amalume ali chogwada m'mundamo, mpeni uli m'manja, nthambi zobiriwira zili mbwee pansi. Anali atamaliza mitengo isanu ndi umodzi. Pa uliwonse anasiya kanthambi kamodzi kobudulidwa ndi mbuzi kaja. Ine ndinali m'munda woyandikana nawo ndipo ndinamva zonse.

"Amalume, mukutani m'munda mwanga?"

"Ndikuchotsa zoipa."

"Zoipa? Nthambi zabwinozi? Mwadula zamoyo n'kusiya zakufa! Kodi ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Ukanakhala ndi maso sukanafunsa. Choka apo, ukunditchinga."

Anangonena zomwezo basi. Akanangoti, "Damiyano, tanunkhiza tsamba ili, si la mandimu ili?" nkhani ikanathera pompo. Koma amalume ankaona ngati kufotokoza n'kudzitsitsa, ndiponso mumtima munali kachilonda koti mwana wa mlongo wawo wakagula mbande kwa alendo iwo ali moyo. Damiyano naye anamva ngati akumunena kuti ndi chitsiru. Anawalanda mpeni uja, mpeni wa Bambo Ndevu, n'kuuponya kutali m'tchire la kuphompho.

"M'munda muno musadzapondemonso, ngakhale nditafa," anatero.

Amalume anatsikira kuphomphoko n'kufunafuna mpeniwo masiku awiri, osaupeza. Akuluakulu a banja anayesa kuwakhazika pansi. Damiyano anauzidwa kuti apepese, poti malume ndi mwini mbumba. Amalume anauzidwa kuti avomere kuti analowa m'munda osaodira. Aliyense anati ayambe mnzakeyo, ndipo anadzuka pamphasa mmene anakhalira.

Patapita zaka zinayi mitengo inadziyankhira yokha. Isanu ndi umodzi ija inabereka manachesi. Khumi ndi inayi yotsalayo inabereka mandimu a khungu lokhakhala, owawasa moti ngakhale mbuzi imatsinzina. Mudzi wonse unaseka, ndipo ana anasiya kunena Pamsuku, anayamba kunena Pamandimu. Mungaganize kuti apa Damiyano anapita kukagwada. Ayi ndithu, magazi ndi omwewo. Ankauza anthu kuti iye mandimu ankawafuna kale, ndi abwino pa chimfine. Sanadule mtengo ndi umodzi womwe. Ankaipalira chaka ndi chaka ndi nkhope youma, mitengo n'kumakula, mizu n'kumazama. Amalume nawo sanapite kukanyada. Ankangodutsa njira ya m'malire atayang'ana kumbali. Pamaliro a akazi a amalume, anthu awiriwa ananyamula bokosi limodzi, wina kutsogolo wina kumbuyo, osapatsana moni. Ine ndinatopa kuwanyamulira mauthenga, mpaka ndinawauza onse awiri kuti sindine positi ofesi.

M'zaka zimenezo mudzi unasintha. Manachesi ndiwo amatiphunzitsira ana kuno. Kuyambira Meyi mpaka Julayi malole a mavenda amakwera, ngati msewu walola, ndipo ndi nyengo imeneyi pamene pamagulidwa malata, mayunifolomu ndi chimanga chodzadya mu Januwale. Koma msewu wathu ndi wa miyala ndi maenje, ndipo nachesi wa kwa Make ndi wa khungu lopyapyala. Ndi wamng'ono, wotsekemera, fungo lake limakutsalira m'manja tsiku lonse, koma akagwedezeka m'lole amafika ku Blantyre ataphwanyika. Mavenda anayamba kufuna akuluakulu a khungu lochindikala okhaokha, oti ungawaponye ngati mpira. Anthu sanalakwe, ana amafuna fizi. Mmodzimmodzi anadula mitengo yakale n'kubzala yatsopano, ndipo amalume, uku akutukwana, ndiwo ankawamezanitsira, ndi mpeni wa patebulo umene anaunola mpaka kuonda. Mapeto ake nachesi wakale anatsala m'mitengo itatu yokha, yonse m'dimba lawo Kukhwawa. Ankati iwo sakuchita malonda, akungosunga, kuti tsiku lina msewu ukadzakhala wa phula mudzi usadzapezeke utataya chake.

Kenaka kunabwera mvula ija ya mu Malichi, zaka ziwiri zapitazo. Inagwa masiku anayi osalekeza, ndipo phiri lometedwa lija linatsikadi. Tsiku lachisanu m'mawa tinapita Kukhwawa n'kupeza dimba kulibe. Mitengo iwiri inapita ndi madzi. Nazale yawo ya timitengo ta mandimu, tomwe akanamezanitsirapo, inakwiririka ndi mchenga ndi miyala. Make anali atagona chammbali, mizu ili m'mwamba. Amalume, amene pamaliro a akazi awo sanagwetse msozi pagulu, anakhala pamatope n'kulira ngati mwana. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi atatu.

Atatha kulira anandituma chiguduli. Anasankha timitengo ta maso abwino panthambi zomwe zinali zisanafote, n'kutikulunga m'chiguduli chonyowa. Timitengo totere timakhala ndi moyo masiku atatu, mwina anayi. Tikauma, basi, nachesi wa kwa Make watha padziko. Panafunika mitengo ya mandimu ya mizu yake kale, yoti ilandire masowo. Mtengo wa manachesi wobereka palibe akanaupereka, poti chimanga chinali chitapita ndi madzi ndipo njala inali pakhomo. M'mudzi monse mandimu anali pamalo amodzi. Tonse tinkadziwa, koma palibe anatchula.

Tsiku loyamba anayenda khomo ndi khomo kufunsa ngati wina ali ndi kamtengo ka mandimu kuseri kwa nyumba. Anapeza kamodzi, kodwala. Tsiku lachiwiri anangokhala pakhonde, chiguduli chili pamwendo, akuchiwaza madzi. Nditatsegula ndinaona makungwa ayamba kukwinyika, ndipo mtima unandipsa.

"Amalume, mukudikira chiyani?"

"Ndikuganiza."

"Mwaganiza zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Timitengoti tilibe zaka, tatsala ndi mawa lokha. Ndipite ine ndikamuuze Damiyano?"

"Usapite. Analetsa ine, sanaletse iwe."

"Ndiye mukufuna Make afere pamwendo panu chifukwa cha mawu a mwana, eti?"

Anandiyang'ana moti ndinaganiza kuti anditukwana. Koma anangoti, "Iwe Fele, pakamwa pakopo ndi pa mayi ako."

Tsiku lachitatu, dzuwa litakwera pang'ono, ndinawaona akutuluka atavala malaya a kutchalitchi mkati mwa jekete ija, chiguduli chili m'khwapa. Ndinawatsata. Chitunda cha Pamsuku anachikwera mopumira katatu. Damiyano anali m'mundamo, akukonza mizere yomwe madzi anagumula. Amalume anafika pamalire, pomwe pali mzere wa nandolo, n'kuima. Anavula chipewa.

"Odi."

Mawuwo anatuluka aang'ono. Damiyano anaimitsa khasu koma sanatembenuke.

"Odi kuno."

Damiyano anaimabe chofulatira. Ndinalumbira mumtima kuti akapanda kuyankha kachitatu, ubale wa ine ndi mlongo wanga uthera pompo.

"Odi, eni munda."

Damiyano anaponya khasu pansi. Atatembenuka, nkhope yonse inali misozi. "Lowani, amalume. Mukuodira chiyani m'munda mwa mlongo wanu?"

"Ndabwera kudzapempha," anatero amalume. "Make wagwa. Ndikupempha mizu yako."

"Ndinamva. Masiku onsewa ndakhala ndikulawirira kuno, kuti mwina mubwera."

"Nanga iwe osabwera bwanji?"

"Ndimachita manyazi."

"Chitsiru," anatero amalume, n'kulowa.

Atagwada pamtengo woyamba n'kutulutsa mpeni wawo wa patebulo, panaoneka vuto lina. Manja ankanjenjemera. Anayesa kucheka, mpeni unaterereka n'kuwononga diso limodzi. Anayesanso, linawonongeka lachiwiri. Maso abwino anali ochepa. Damiyano anawauza kuti adikire, anathamangira kunyumba, n'kubwera ndi kanthu kokulunga m'kansanza. Unali mpeni wa Bambo Ndevu. Mkazi wake anautola chaka chotsatira mkangano uja, moto wolusa utapsereza tchire la kuphompho. Chigwiriro chinali chitapsa, Damiyano anasema china cha mlombwa, n'kumaupaka mafuta zaka zonsezo, osapeza nkhope yokaubwezera.

Amalume anautembenuza kawiri, anayesa kuthwa kwake pachikhadabo, n'kuubwezera m'dzanja la Damiyano. "Chigwiriro wasema choipa. Gwira, ucheka ndiwe."

Tsiku limenelo, koyamba chibadwire changa, ndinamva amalume akufotokoza. Anakhala pachitsa n'kumanena pang'onopang'ono: sankha nthambi yanthete yonga chala chako, ng'amba apa, usafike pamtima pa mtengo, diso usaligwire kumimba ndi chala, lilowetse loyang'ana kumwamba, manga kuyambira pansi. Anathyola tsamba la mandimu, kulifikisa, n'kumununkhizitsa Damiyano, kenaka anamununkhizitsa kamtengo ka nachesi. Zimene akanamuuza m'kamphindi kamodzi zaka zonse zija, anamuuza tsiku lathunthu. Ine ntchito yanga inali kung'amba majumbo kuti apeze zomangira. Pomwe dzuwa linkapendeka, mitengo yonse khumi ndi inayi inali itamangidwa. Patatha masabata atatu anamasula, ndipo pa mitengo isanu ndi inayi maso anali obiriwira. Anali atagwira.

Sindinganame kuti kuyambira pamenepo amalume anasanduka mngelo. Sanapepese, ndipo Damiyano naye sanapepese. Ankakangana za manyowa, za kadulidwe ka nthambi, za mbuzi. M'minda ya anthu ena ankalowabe ngati kale. Koma m'mawa uliwonse ankakwera chitunda chija, kuima pamzere wa nandolo n'kuodira, ngakhale Damiyano anawachonderera kangapo kuti asiye. Mphamvu zitatha, Damiyano ankawakweza panjinga n'kumakankha, ndipo pofika pamzerepo ankalamula kuti njinga iime.

Anamwalira mu Juni chaka chatha, nyengo ya manachesi ili pakati, malole akulira mumsewu. Chifuwa chinawagwira ndi kuzizira. Tinapita nawo kuchipatala ku Magaleta, anatithandiza, koma thupi linali litatopa. Nthambi zatsopano za Pamsuku zinali zitakula bwino, koma zinali zisanachite maluwa. Nachesi amene anamuvulira chipewa sanamulawe, ndipo zimenezi zimandipweteka mpaka lero. Mawu omaliza amene anauza Damiyano sanali a madalitso ayi. Anamuuza kuti asadzatope kuyang'ana pansi pa chipsera, chifukwa mizu ya mandimu siiwala kuti ndi ya mandimu.

Loweruka lija, otamanda atamaliza, Damiyano anatulutsa kambale kovindikira ndi nsalu. Munali manachesi oyamba a kwa Make obereka Pamsuku, ochepa chabe, ang'onoang'ono, a khungu lopyapyala. Atasenda mmodzi fungo linadzaza pabwalo, ndipo amayi achikulire amene anakula akudya a kwa Make anayamba kusisima. Tinagawana kachigawo kamodzikamodzi. Nachesi mmodzi Damiyano anamusunga m'thumba, ndipo anthu atabalalika anandipempha kuti ndimuperekeze Kukhwawa.

Dimba la amalume palibe amene walilimanso. Ndi mchenga woyera ndi miyala yoburungira yomwe madzi anatsitsa kuphiri, ndipo kamtsinje kanasamuka, kakuyenda chakutsidya. Thunthu la Make likadali pomwe linagwera, louma, khungwa litasupuka, chiswe chayamba kulikwera. Palibe amene walimba mtima kuliwaza nkhuni. Pafupi pake pali mwala wafulati umene ankakhalapo ponola mpeni, ndipo m'mbali mwake mukuonekabe pokumbika ndi kunola kwa zaka zonse zija. Mpanda unapita ndi madzi. Malire sakudziwikanso, kupatula mzati umodzi wa pachipata umene unatsala chiimire.

Damiyano anafika pamzatipo n'kuima, nachesi ali m'dzanja. Anavula chipewa.

"Odi," anatero.

Tinadikira. Kunkangomveka madzi kutsidya.